Momwe a ku Japan anaphunzitsira sitima kuima

Khalani pansi, tsegulani makope. Lero tili pa mutu wa mayendedwe, ndipo ndasankha sitima yapamtunda. Ndikufuna tiyambire pansi penipeni, pamene gudumu la sitima limakhudza njanji, chifukwa nzeru zonse zimene tikambe m'phunziroli zinabadwira pamenepo.

Gudumu la sitima ndi lachitsulo, njanjinso ndi yachitsulo. Malo amene ziwirizi zimakhudzana ndi ochepa kwabasi, pafupifupi sentimita imodzi m'litali ndi imodzi m'lifupi, komatu pakamalo kameneko pamatsamira matani angapo. Tayala la thiraki ndi losiyana. Likamagubuduka limaphwatalala pansi n'kubwereranso mwakale, ndipo kuphwatalala kulikonse kumadya mphamvu. Mukadzagwira tayala la thiraki imene yangofika kuchokera ku Beira mudzamva likutentha. Kutenthako ndi dizilo amene wapita pachabe. Chitsulo sichiphwatalala chotero, n'chifukwa chake kukoka tani imodzi panjanji kumafuna mphamvu yochepa kangapo poyerekeza ndi kukoka tani yomweyo pamsewu wa tala. Mu 2019 bungwe la International Energy Agency linawerengera kuti njanji zimasenza pafupifupi 8 peresenti ya maulendo a anthu padziko lonse ndi 7 peresenti ya katundu, koma zimangodya 2 peresenti ya mphamvu zonse zimene zimathera pa mayendedwe.

Tsono mvetserani, pakuti apa ndi pamene pagona phunziro lathu. Chimene chimachititsa sitima kuyenda mopepuka ndi chomwenso chimaivutitsa poima. Chitsulo sichigwira chitsulo chinzake zolimba. Kukagwa mvula, kukachita mame, kapena masamba akaphwanyikira panjanji, magudumu amatererako, ndipo n'chifukwa chake mitu ya sitima imayenda ndi bokosi la mchenga woti izimwaza kutsogolo kwa magudumu. Woyendetsa sitima alibenso chiwongolero choti akhotetse pothawa ngozi. Kumene njanji yaloza ndi komwe akupita. Onjezerani pamenepo lamulo lija tinaphunzira, lakuti liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu ya chinthu choyenda imawirikiza kanayi. Sitima imene ikuthamanga makilomita 280 pa ola ikamanga mabuleki onse mwadzidzidzi imayendabe makilomita 3 kapena 4 isanaime. Choncho kupanga injini yamphamvu sindilo linali vuto lalikulu la akatswiri a njanji. Vuto linali lakuti chinthu cholemera chotere, chothamanga chotere, chidziwe nthawi yoyamba kuima, ndiponso kuti mphamvu yonse ija ipite kuti chikamaima.

Dziko limene linayankha mafunso awiriwa mwadongosolo kuposa ena ndi Japan. Njanji yoyamba kumeneko inatsegulidwa mu 1872 pakati pa Tokyo ndi Yokohama, ndipo anaiyala mothandizidwa ndi akatswiri a ku Britain. Mpata wa pakati pa zitsulo zake ziwiri unali mamilimita 1,067. Lembani nambala imeneyo, chifukwa ndi mpata womwewo wa njanji yathu kuno, kuyambira ija inafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku Port Herald, kumene lero timati ku Nsanje. Njanji yopapatiza chotere siboola m'thumba poyala, ndipo imakhota mosavuta m'mapiri, koma silola liwiro lalikulu.

Pofika m'zaka za m'ma 1950, njanji ya pakati pa Tokyo ndi Osaka inali itadzaza. Sitima za anthu ndi za katundu zinkapanikizana usana ndi usiku, ndipo yothamanga koposa zonse inkatenga maola osachepera 6 ndi theka. Nthawi imeneyo anthu ambiri ophunzira, ku America ndi ku Japan komweko, ankati nyengo ya njanji yatha, tsogolo lili pa galimoto ndi ndege. Mkulu wa njanji za boma, Shinji Sogo, bambo wa zaka zopitirira 70, anakana maganizo amenewo. Iye ndi injiniya wamkulu, Hideo Shima, anasankha kuyala njanji yatsopano yotalika makilomita 515, ya mpata wa mamilimita 1,435, yoyendamo sitima zothamanga zokhazokha. Anati msewu uliwonse uzidutsa pamwamba kapena pansi pake, pasakhale malo ngakhale amodzi pamene galimoto kapena munthu angadutse panjanji. Makona onse anawatambasula. Anasiyanso zokhala ndi mutu umodzi wolemera wokoka mabogi, m'malo mwake anaika mamota amagetsi pansi pa bogi lililonse, kuti kulemera kugawikane ndiponso kuti magudumu onse azithandizana kukoka ndi kuimitsa. Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inakongoza madola 80 miliyoni mu 1961, koma ndalama zimene zinalowa pantchitoyi zinafika pafupifupi kawiri pa zimene analonjeza poyamba. Sogo ndi Shima anachoka pamaudindo awo mu 1963, ndipo pamene njanji yatsopanoyo, yotchedwa Shinkansen, inkatsegulidwa pa 1 Okutobala 1964, masiku ochepa mpikisano wa Olimpiki wa ku Tokyo usanayambe, onse awiri sanalipo pamwambowo. Zimenezi zimandikhudza nthawi zonse ndikamaphunzitsa mutuwu. Sitimayo inkafika makilomita 210 pa ola. Ulendo wa maola 6 ndi theka uja unatsika kufika pa maola 4, ndipo chaka chotsatira unafika pa maola 3 ndi mphindi 10.

Tibwerere ku funso loyamba lija. Kodi woyendetsa amadziwa bwanji kuti kutsogolo kuli sitima inzake?

Njira yakale, imene ikugwirabe ntchito m'maiko ambiri, ndi yodula njanji m'zigawo, ndipo lamulo lake ndi limodzi: m'chigawo chimodzi muzikhala sitima imodzi. Poyamba anthu ndiwo ankalondera zigawozi ndi mbendera, nyali ndi matelefoni. Koma munthu amaodzera, amaiwala, amamva molakwa. Mu 1872, ku America, William Robinson anapeza njira yoti njanji izidzilondera yokha, ndipo ndikufuna muijambule m'makope mwanu monga ndikujambulira pabolodipa. Jambulani mizere iwiri, ndizo zitsulo za njanji. Kumapeto kwa chigawo ikani batire imene ikulowetsa magetsi ochepa m'chitsulo chimodzi. Magetsiwo akuyenda mpaka kumapeto kwina, akudutsa m'kachipangizo kogwira nyali, n'kubwerera kudzera m'chitsulo chinacho. Malinga ngati magetsi akuzungulira, nyali ikhala yobiriwira. Tsopano jambulani sitima italowa m'chigawomo. Magudumu ake awiri, ndi mtanda wachitsulo umene umawalumikiza, apatsa magetsi njira yachidule. Kachipangizo kaja kasowa magetsi, nyali yasanduka yofiira, ndipo sitima ya m'mbuyo iyenera kudikira.

Iwe wakweza mkono, funsa. Waya akaduka? Wafunsa funso lenileni. Taona pachithunzi chako. Waya akaduka, kachipangizo kasowa magetsi, nyali ikhala yofiira. Batire ikatha, yofiira. Njanji yeniyeniyo ikathyoka, magetsi alephera kudutsa, yofiiranso. Chilichonse chikawonongeka, makinawa amagwera kumbali yoimitsa sitima. Mwa nzeru zonse za njanji imeneyi ndi imene ndimaikonda koposa, ndipo ena mwa inu amene mudzakhale mainjiniya, kaya a magetsi, kaya a zipangizo za m'chipatala, muzidzadzifunsa pa makina aliwonse amene mukupanga kuti akadzafa adzafera mbali iti.

Shima ndi anzake anaona kuti nyali za m'mbali mwa njanji sizikwanira pa liwiro lawo. Makilomita 210 pa ola ndi mamita 58 pa sekondi iliyonse. Kukachita nkhungu kapena mvula yamkuntho, woyendetsa akamaona nyali ndiye kuti waipitirira kale. Tsono anachotsa nyalizo n'kulowetsa uthenga m'njanji momwemo. Magetsi oyenda m'zitsulo aja anawapatsa kaimbidwe kosiyanasiyana, kena kotanthauza 210, kena 160, kena 30, kena kotanthauza kuima. Pansi pa mphuno ya sitima pali kachipangizo komva kaimbidweko, ndipo nambala yake imaonekera pamaso pa woyendetsa. Akapitirira liwiro lololedwa, sitima imamanga yokha mabuleki osamufunsa. Dongosolo limeneli amalitcha ATC. Mu 1972 anawonjezera makompyuta oyang'anira sitima zonse kuchokera m'chipinda chimodzi, ndipo kuyambira mu 2006 sitima iliyonse pa njanji ya Tokyo ndi Osaka imadziwerengera yokha poyambira kumanga mabuleki, potengera mtunda umene watsala kuti ifike pamene pali inzake. Kale inkatsika liwiro modukizadukiza, tsopano imatsika kamodzi mosalala. Phindu lake ndi lakuti sitima zimatsatana pafupi popanda ngozi. Kuyambira mu 2020, nthawi yotanganidwa, sitima zothamanga koposa zotchedwa Nozomi zimanyamuka mpaka 12 pa ola limodzi kulowera mbali imodzi, iliyonse ya mabogi 16 ndi mipando yopitirira 1,300. Njanji ndi yomwe ija ya mu 1964. Chimene chakula ndi nzeru yoiyendetsera, ndipo njanji imodzi ikamasenza anthu ochuluka chotero ndiye kuti dziko lapewa kugwetsa nyumba ndi kulanda minda kuti liyale ina.

Japan alinso ndi mdani amene ife timamudziwako pang'ono, a ku Salima mu 1989 ndi a ku Karonga mu 2009 anamuona: chivomerezi. Chivomerezi chimatumiza mafunde a mitundu iwiri m'nthaka. Oyamba ndi ofooka koma othamanga, makilomita 6 kapena 7 pa sekondi. Achiwiri, amene amagwetsa nyumba, amabwera m'mbuyo ndi liwiro la pafupifupi theka la oyambawo. Pakati pa awiriwa pali mpata wa masekondi ochepa, ndipo akatswiri anati mpata umenewo ndi wokwanira kuchitapo kanthu. Anakwirira zipangizo zomva kugwedezeka m'mphepete mwa nyanja ndi m'mbali mwa njanji. Zikangomva mafunde oyamba zimazimitsa magetsi a pawaya, ndipo sitima iliyonse ikaona kuti magetsi azima imamanga mabuleki onse. Mwaionanso nzeru ya Robinson ija? Kusowa kwa magetsi ndiko lamulo loimitsa. Pa 11 Malichi 2011, pamene chivomerezi chachikulu chinagwedeza kumpoto chakum'mawa kwa Japan, sitima za Shinkansen 27 zinali paulendo ndi anthu m'chigawocho. Zonse zinaima, ndipo palibe wokwera amene anafa. Si kuti njirayi ndi yopanda malire. Pa 23 Okutobala 2004, ku Niigata, chivomerezi chinayambira pafupi kwambiri ndi njanji kotero kuti mpata uja panalibe, ndipo sitima ina inachoka panjanji ikuthamanga pafupifupi makilomita 200 pa ola. Mwamwayi sinagubuduzike ndipo palibe anafa. Zitatero anawonjezera zitsulo zogwira magudumu kuti sitima ikachoka panjanji isapatuke kupita kutali. Kuyambira 1964 mpaka lero palibe wokwera Shinkansen amene wafa chifukwa cha kugundana kwa sitima kapena kuchoka panjanji.

Tsopano funso lachiwiri, la kumene mphamvu imapita. Tulutsani zolembera tiwerengere limodzi. Sitima ya masiku ano ya mabogi 16 imalemera pafupifupi matani 700, ndiwo makilogalamu 700,000. Liwiro lake lalikulu pa njanjiyi ndi makilomita 285 pa ola, ndiwo mamita 79 pa sekondi. Tengani theka la kulemera, muchulukitse ndi 79, muchulukitsenso ndi 79. Mupeza majulo opitirira pang'ono 2 biliyoni. Gawani ndi 3,600,000 kuti tipeze mayuniti, omwe aja makolo anu amagula a magetsi. Yankho ndi mayuniti pafupifupi 600. Nyumba imene imatha mayuniti 100 pamwezi ingawagwiritse ntchito miyezi 6. Mphamvu yonseyo ili m'sitima imodzi, ndipo iyenera kuchokamo nthawi iliyonse sitimayo ikamaima pasiteshoni.

Mabuleki wamba amaisandutsa kutentha. Chitsulo chimakhula chitsulo, chimatentha, chimaperepeseka, mphamvu n'kuuluka ndi mphepo. Koma amene munakwerapo njinga yokhala ndi dayinamo mukudziwa kuti mukangoitsamiritsa patayala kuti nyali iyake, kupalasa kumalemera. Dayinamo ikutenga mphamvu ya kuyenda kwanu n'kuisandutsa magetsi, ndipo potero ikukubwezani m'mbuyo. Mota yamagetsi ndi jenereta ndi makina amodzi. Mukaipatsa magetsi imazungulitsa gudumu, gudumu likaizungulitsa imatulutsa magetsi. Choncho sitima ikafuna kuima, mamota ake amasanduka majenereta, ndipo kulemera kuja munakumva panjinga ndiko kumakhala buleki.

Shinkansen yoyamba inkachita kale zimenezi, koma magetsi otulukawo inalibe kowapititsa, tsono inkangowawotcha m'mawaya otenthetsa pansi pa mabogi. Mitu yambiri ya dizilo, ngati imene imakoka malasha kudutsa pa Nkaya ndi Liwonde, imachitanso chimodzimodzi potsika mtunda, chifukwa nayonso magudumu ake amazungulitsidwa ndi mamota amagetsi, dizilo amangoyendetsa jenereta. Kusintha kunabwera mu 1992 ndi sitima za mtundu wa 300. Zimenezi zinali ndi zipangizo zotha kukonza magetsi otuluka m'mamota kuti afanane ndi a pawaya wa pamwamba, ndipo zinayamba kuwabweza komweko. Sitima imene ikuima pasiteshoni imadyetsa inzake imene ikunyamuka kwina. Si onse 600 aja amene amabwerera, ena amathera m'mphepo ndi m'mawaya, komabe gawo lalikulu limapulumuka, ndipo mabuleki okhula aja amakhalitsa chifukwa sagwira ntchito kawirikawiri. Onaninso kuti magetsi obwezedwawo amafuna wowalandira nthawi yomweyo. Njanji yodutsa sitima imodzi patsiku singapindule nawo pokhapokha pakhale mabatire owasunga. Apa ndi pamene nzeru ziwiri zija zikumana, pakuti ATC ndiyo imalola sitima kuchulukana panjanji, ndipo kuchulukanako ndiko kumapezetsa wolandira magetsi.

Sitima za mtundu wa 300 zinapepukanso. Anazipanga ndi aluminiyamu, ndipo kulemera kwa mabogi 16 kunatsika kuchoka pa matani pafupifupi 970 kufika pa 710. Kampani ya JR Central, imene imayendetsa njanjiyi tsopano, imati pa mpando umodzi, ulendo wa Tokyo ndi Osaka pasitima umadya gawo limodzi mwa magawo 8 a mphamvu imene ndege imadya, ndipo mpweya woipa umene umatuluka ndi gawo limodzi mwa magawo 12.

Musaganize kuti anthu onse ankaombera m'manja. Okhala m'mbali mwa njanji ku Nagoya anasowa tulo ndi phokoso ndi kunjenjemera kwa nyumba, ndipo mu 1974 anakasuma kukhoti. Chaka chotsatira boma linaika malire a phokoso m'malo okhala anthu. Vuto lina linali m'mphanga zoboola mapiri. Sitima ikalowa m'mphanga ndi liwiro imakankha mpweya, mpweyawo n'kukatulukira kutsidya ndi kuphulika komveka kutali. Injiniya wina wokonda kuyang'ana mbalame, Eiji Nakatsu, anaganizira za kambalame kogwira nsomba kaja ka mlomo wautali wosongoka, kamene kamadumphira m'madzi osawathovula kwenikweni. Sitima za mtundu wa 500, zimene zinayamba kuyenda mu 1997, zinapatsidwa mphuno yotalika mamita 15 yofanana ndi mlomo umenewo, ndipo pa chitsulo chokhudza waya wa pamwamba anajambulapo timano totengera nthenga za kadzidzi, mbalame youluka mwakachetechete. Phokoso linachepa, magetsinso anachepa, chifukwa pa liwiro lotere mdani wamkulu salinso kukhulana kwa gudumu ndi njanji koma mphepo.

Pali mbali ina imene simudzaiona pazithunzi, ndipo kwa ine ndi yofunika kuposa mphuno yokongola. Kuyambira pakati pa usiku mpaka 6 koloko m'mawa, Shinkansen sinyamula anthu. Maola amenewo ndi a okonza njanji. Usiku uliwonse magulu a antchito amatuluka kukasintha zitsulo zotha, kushindira miyala ya pansi pa njanji, kumanga mawaya olefuka, ndipo kusanache galimoto yoyendera njanji imadutsa kutsimikiza kuti palibe chatsalira. Kwa zaka zambiri kwakhala sitima zachikasu, zotchedwa Doctor Yellow, zoyenda zikuyeza njanji ndi mawaya pa liwiro lonse. Ya JR Central inapuma mu Januwale 2025, chifukwa zipangizo zoyezera tsopano zikukwezedwa pa sitima zonyamula anthu zomwezo, za mtundu wa N700S, kuti njanji iziyezedwa pafupipafupi. Chitsulo chikayamba kupindika ndi mamilimita ochepa, kompyuta imadziwa malo ake, ndipo amakachikonza chisanafike povuta. M'mbali mwa njanji mulinso zoyezera mvula ndi mphepo, ndipo madzi akapitirira muyezo sitima zimachepetsa liwiro kapena kuima. N'chifukwa chake kuchedwa kwa sitima zimenezi, mukaphatikiza kwa chaka chonse n'kugawa, kumangokhala kwa mphindi imodzi kapena ziwiri.

Ena mwa inu mwamvapo za sitima youluka pamaginito, yosakhudza njanji konse. Ilipodi. Mu Epulo 2015, pa njanji yoyeserera ku Yamanashi, inafika makilomita 603 pa ola. Akumanga njira yake pakati pa Tokyo ndi Nagoya, mbali yaikulu pansi pa mapiri, kuti ulendowo uzitenga mphindi 40. Analonjeza kuitsegula mu 2027, koma lonjezolo analisiya, chifukwa cha mkangano ndi chigawo cha Shizuoka, kumene anthu ankaopa kuti kuboola phiri kuchepetsa madzi a mtsinje wa Oi umene amamwa ndi kuthirira minda. Ine ndimaona kuti anthuwo anafunsa funso loyenera. Sitima imeneyi idzadya magetsi ambiri kuposa Shinkansen pa munthu aliyense, chifukwa liwiro likawirikiza kawiri mphepo imakana kanayi. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika. Luso lake ndi lodabwitsa, koma tikamakamba za kusamala chilengedwe, chatsopano chilichonse tizichifunsa kuti chikudya chiyani ndipo chikulanda chiyani kwa anthu okhala pafupi nacho.

Funso lomwelo tilifunsenso kwa magetsi. Sitima yamagetsi situlutsa utsi pamene ikudutsa, koma magetsi ambiri a ku Japan amachokera ku gasi ndi malasha, tsono utsi wake umatulukira kwina. Ukhondo wa sitima umalingana ndi ukhondo wa kumene magetsi ake achokera. Pamenepa ife tili ndi mwayi umene sitiuwerengera, pakuti magetsi athu ambiri ndi a madzi a mtsinje wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo pa Salima ndi pa Golomoti, kumene njanji imadutsa, pali minda ya magetsi a dzuwa. Koma mwayiwo ndi wosakwanira. Mu Januwale 2022 namondwe Ana atawononga Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 nthawi imodzi, ndipo mukukumbukira mdima umene unatsatira. Tanzania yasankha kale njira ya magetsi. Mu 2024 inatsegula njanji yatsopano ya mpata wa mamilimita 1,435 kuchokera ku Dar es Salaam kudzera ku Morogoro mpaka ku Dodoma, yopangidwira liwiro la makilomita 160 pa ola. Dziko lililonse lofuna kutsatira liyenera kuyamba latsimikiza kuti waya wa pamwamba suzima.

Sindikukuphunzitsani zimenezi kuti muziyembekezera Shinkansen pakati pa Limbe ndi Lilongwe. Njanji yotere imadzilipira pokhapokha pali mizinda ya anthu mamiliyoni ambiri amene akuyenda tsiku ndi tsiku, ndipo ngakhale ku Japan komweko njanji za boma zinamira m'ngongole mpaka zinagawidwa kukhala makampani mu 1987. Chitsanzo chimene chili pafupi ndi ife chili pa kanjanji kakang'ono ka kumudzi, ka Karasuyama, m'chigawo cha Tochigi. Ndi ka makilomita 20 okha, mpata wake ndi mamilimita 1,067 ngati wathu, ndipo kalibe waya wa pamwamba chifukwa okwera ndi ochepa, kumanga mapolo ndi mawaya sikukanapindula. Kuyambira mu Malichi 2014 kumayenda sitima ya mabatire. Ikakhala pa njanji yaikulu ya ku Utsunomiya imakweza chitsulo chake kukhudza waya, n'kumayenda uku ikudzaza mabatire. Ikapatukira kukanjanji kaja imatsitsa chitsulocho n'kuyendera mabatire, ndipo ikamanga mabuleki magetsi amabwerera m'mabatire momwemo, osasowanso wowalandira. Pasiteshoni yomaliza pali kachidutswa kakafupi ka waya kodzazira ulendo wobwerera. Sitima za dizilo zinachoka pa kanjanjiko.

Mitunda yathu ndi yaitali kuposa pamenepo, ndipo mabatire a lero sangakoke sitima ya malasha ya mabogi opitirira 100 pa njanji ya makilomita 912 yochokera ku Moatize kukafika ku Nacala. Komabe ngakhale ndi dizilo yemweyo, werengerani nokha: bogi limodzi likasenza matani 60, mabogi 100 asenza matani 6,000, ndipo thiraki yosenza matani 30 iyenera kuyenda maulendo 200 kuti ifanane nawo, ikuphwanya misewu ndi kumwa mafuta ogulidwa ndi ndalama zakunja. Feteleza, mafuta, simenti ndi shuga zikachoka pamsewu kupita panjanji, dziko lapulumutsa kale zambiri lisanagule chipangizo chatsopano ngakhale chimodzi. Chimene chimatilepheretsa kawirikawiri ndi madzi. Mu 1997 madzi osefukira anakokolola njanji pa Chiromo, ndipo njira yakumwera inaduka kwa zaka zambirimbiri. Zoyezera mvula, zipangizo zomva kugwedezeka kwa mlatho, foni yotumiza uthenga kwa woyendetsa, gulu la anthu oyenda ndi njanji kugwa kwa mvula kulikonse n'kumatsegula ngalande zotsekeka, zonsezi ndi zotsika mtengo poyerekeza ndi mlatho umodzi wokokoloka, ndipo ndi ntchito zimene ana a sukulu ngati ino angadzazigwire.

Ntchito yokachitira kunyumba ndi iyi. Tengani sitima ya katundu yolemera matani 6,000 imene ikuyenda makilomita 60 pa ola. Sandutsani liwirolo kukhala mamita pa sekondi, mupeze mayuniti a mphamvu imene ili m'sitimayo monga tachitira pabolodi. Kenako muwerengerenso ngati sitima yomweyo ikutsika mtunda wa mamita 500 kuchoka kumtunda kupita kuchigwa, pogwiritsa ntchito kulemera kuchulukitsa ndi 10 kuchulukitsanso ndi kutalika kwa mtundawo. Muyerekeze mayankho awiriwo, ndipo Lachinayi mudzandiuze kuti pa njanji yochoka ku Limbe kutsikira ku Shire, mabatire osunga magetsi a mabuleki mungawaike pasiteshoni kapena pamtsetse, ndi chifukwa chake.